Dzina la Wamangawa M'mabwalo a ku England

Pa mawu onse amene bwalo la milandu likhoza kunenera munthu amene sanaphe mnzake kapena kuthyola nyumba, palibe olemera koposa aja olengeza kuti iye wagwa pa chuma ndipo sangathenso kubweza mangawa ake. Pakuti kuyambira ola lomwelo nyumba yake, katundu wa m'sitolo mwake, ndi ndalama zimene ena anakongola kwa iye, zonse zichoka m'manja mwake ndi kulowa m'manja mwa mlendo woikidwa kuti azigulitse ndi kugawira omkongoza, dzina lake lisindikizidwa m'nyuzipepala ya boma kuti adani ndi abale aliwerenge pamodzi, ndipo iye amene dzulo ankalonjeredwa ndi manja awiri aona anthu akupatuka m'njira akamuonera patali. Lamulo la ku England, limene malamulo a maiko ambiri anatengerako, lathu lomwe, linamsiyira munthu wotere makomo awiri otulukira. Loyamba ndi kumasulidwa: ikakwana nyengo yoikika bwalo limuuza kuti ngongole zotsala asazisenzenso, koma mbiri yakuti anagwa ikhala chilembedwere. Lachiwiri, limene ndi lopapatiza ndipo olowapo ndi owerengeka, ndi kufafaniza chigamulocho, pamene bwalo lomwelo libweza mawu ake ndi kumuyesa munthuyo ngati amene sanagwepo chiyambire. Khomo lachiwirili ndilo ndifuna kulondola mbiri yake, chifukwa ndi pamenepa pamene lamulo, limene silikonda kudzitsutsa, livomera pamaso pa anthu kuti mwina linalakwa, kapena kuti amene linamuyesa wosakhulupirika wapezeka wokhulupirika.

Makolo a lamuloli sanamuone wamangawa ngati munthu wogweredwa tsoka, koma ngati mbala yothawa. Lamulo loyamba, la mu 1542 m'masiku a Mfumu Henry VIII, linalembedwera anthu amene, atatenga katundu wa anzawo pa ngongole, ankathawira kosadziwika kapena kudzitsekera m'nyumba zawo. Ndipo chatsopano chimene linabweretsa n'chakuti katundu wa wothawayo asamangotengedwa ndi wokongoza amene wafika msanga, koma agawidwe kwa onse, yense monga mwa kukula kwa ngongole yake. La mu 1571, la Mfumukazi Elizabeth I, linati okhawo amene akhalira kugula ndi kugulitsa ndiwo angalengezedwe kuti agwa, ndipo linapatsa Lord Chancellor, ndiye nduna yosunga chidindo chachikulu cha ufumu, mphamvu yosankha akuluakulu ofufuza mlandu uliwonse. Pofika m'masiku a Mfumu James I mtima wa opanga malamulo unali utauma kotero kuti analamula kuti wobisa katundu mwachinyengo aimikidwe m'matangadza pamsika maora awiri, khutu lake limodzi likhomeredwe ku mtengo ndi kudulidwa. Amene sanali amalonda lamuloli silinawakhudze, koma sikuti anapulumuka ayi: iwo ankaponyedwa m'ndende za angongole monga Fleet ndi Marshalsea ku London, kumene munthu ankatha kukhala kufikira atalipira kakobiri komaliza, ngakhale kuti m'ndendemo munalibe njira yopezera kakobiriko. Bambo wa mlembi Charles Dickens analowa mu Marshalsea mu 1824, mwana wake wa zaka 12 n'kutsala kunja akugwira ntchito m'fakitale ya polishi.

Tsono kuti timvetse chifukwa chake mwambo wofafaniza unabadwa, tiyenera kuona m'mene munthu ankagwetsedwera m'zaka zimenezo. Wokongoza ankapita kwa Lord Chancellor mwini ngongole asakudziwa, n'kulumbira kuti wakutiwakuti ndi wamalonda, ali naye ngongole yosachepera mapaundi 100, ndipo wachita chimodzi mwa zizindikiro za kugwa, monga kubisala m'nyumba kapena kuuza wantchito kuti akane kuti bwana alipo. Kalata ya chidindo ikatuluka, ofufuza aja ankakhala pansi kumva mboni za wokongozayo zokha, ndipo nthawi zambiri wamalonda ankadziwa kuti wagwa pamene mthenga wa bwalo waima kale pakhomo kudzatseka sitolo. Aliyense wodziwa mtima wa munthu aona kuti njira yotere inali mkondo woikidwa m'manja mwa wanjiru. Chifukwa chake lamulo linafuna kuti wopemphayo asiye chikole cha mapaundi 200, choti chikhale chipepeso kwa wonamiziridwa ngati mawuwo sapezeka oona. Ndipo wonamiziridwayo anali ndi ufulu wokagwada kwa Lord Chancellor kuti abweze kalata imene chidindo chake chinatulutsa. Zifukwa zobwezera zinali zambiri: kuti ngongole ya wopemphayo inali yabodza kapena yosakwana; kuti munthuyo sanali wamalonda konse, pakuti mlimi ndi woweta ng'ombe sankawerengedwa m'gululo ngakhale ankagulitsa zokolola zawo; kuti sanabisale koma anali pa ulendo; kapenanso kuti mlandu wonse unali chiwembu chopangana pakati pa wamangawa ndi bwenzi lake, pofuna kupusitsa okongoza enieni.

Chiwembu chomalizachi chinachuluka chifukwa cha chifundo chimene chinalowa m'lamulo m'masiku a Mfumukazi Anne, cha m'ma 1706, pamene kwa nthawi yoyamba wamalonda amene waulula chuma chake chonse analoledwa kumasulidwa ku ngongole zotsala, ndi kupatsidwa kagawo kochepa koti ayambirenso moyo. Lamulo lomwelo, pokhala linapatsa ndi dzanja limodzi, linaopseza ndi linzake, popeza linaika chilango cha imfa kwa wobisa chuma. Ndipo John Perrott, wogulitsa nsalu amene analephera kufotokoza kumene katundu wa mapaundi zikwi zambiri analowera, ananyongedwa ku Smithfield mu 1761. Chilango cha imfacho chinachotsedwa mu 1820. Koma chiyambire kumasulidwa, kugwa kumene kale kunali kongothawidwa kunasanduka chinthu chimene ena ankachilakalaka. Ndipo popeza munthu sankaloledwa kudzipemphera yekha, ankanong'oneza mnzake kuti amsumire. Lord Eldon, amene anasunga chidindocho zaka zoposa 20 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anathera masiku ochuluka pa madandaulo otere, ndipo sanabise kuti kasewereredwe ka lamuloli kanali manyazi kwa dziko lonse.

Zaka zotsatira zinabweretsa kukonza kochuluka, kumene sindikhalitsapo: bwalo lapadera la milandu imeneyi mu 1831, kutsegulira lamuloli anthu onse, amalonda ndi osakhala amalonda, mu 1861, ndi kuthetsa kumanga anthu chifukwa cha ngongole wamba mu 1869. Mwala wapangodya unaikidwa mu 1883 ndi Joseph Chamberlain, nduna ya zamalonda, amene anakhulupirira kuti kugwa kwa munthu si nkhani ya iye ndi omkongoza okha, koma ya mtundu wonse. Lamulo lake linaika wantchito wa boma wolandira chuma cha wakugwa aliyense ndi kufufuza mayendedwe ake, linalamula kuti wakugwayo afunsidwe mafunso pabwalo poyera atalumbira, ndipo linamletsa kukhala m'Nyumba ya Malamulo, kukhala woweruza wa m'dera kapena meya. Phungu amene chigamulo chake sichinachotsedwe m'miyezi 6 mpando wake unkalengezedwa kuti ulibe munthu. M'lamulo lomwelo mphamvu yakale ya Lord Chancellor inalembedwa mwachidule ndi kupatsidwa kwa bwalo, kuti likhoza kufafaniza chigamulo ngati liona kuti sichinayenera kuperekedwa, kapena ngati patsimikizika kuti ngongole zonse zalipidwa zathunthu; padalinso njira ina, pamene okongoza avomera pangano la kulandira gawo ndipo bwalo lalidalitsa. Koma panawonjezedwa mawu amene wofuna kufafaniza aliyense ayenera kuwasinkhasinkha asanakondwere: kuti zonse zimene wolandira chuma anagulitsa kapena kulipira chigamulo chili chiimire zikhala zogulitsidwa ndithu, ndipo chobwerera kwa mwini ndi chokhacho chimene chatsala. Akulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo lamulo la Chamberlain silinayese kuwatsutsa.

Palibe mlandu umene uonetsa bwino kukoma ndi kuperewera kwa khomo limeneli koposa wa Oscar Wilde, mlembi wa ku Ireland amene kumayambiriro kwa 1895 anali pa nsonga ya ulemerero wake, masewero ake awiri, An Ideal Husband ndi The Importance of Being Earnest, akudzaza nyumba zamasewero za London nthawi imodzi. Iye anasumira mkulu wina wotchedwa Marquess of Queensberry kuti wamuipitsira dzina. Mlanduwo unamtembenukira mu Epulo, anamangidwa, ndipo pa 25 Meyi anaweruzidwa kukagwira ukaidi wa kalavulagaga zaka ziwiri chifukwa cha kugonana kwa amuna okhaokha, kumene lamulo la nthawiyo linkalanga. Asanaweruzidwe n'komwe, pa 24 Epulo, okongoza anali atatumiza kale asherifu ku nyumba yake ya pa 16 Tite Street ku Chelsea, kumene mabuku ake pafupifupi 2,000, zithunzi, zolemba pamanja, ngakhale zidole za ana ake aamuna awiri, zinagulitsidwa pa okushoni pa mitengo yotaya, khamu likupondana m'zipinda. Pamenepo Queensberry, amene bwalo linampatsa ufulu wolandira ndalama zimene anawononga podziteteza, zokwana mapaundi 677, anapempha kuti mkaidiyo alengezedwe kuti wagwa. Ngongole zake zonse zitawerengedwa zinakwana mapaundi 3,591. Abwenzi anayesa kusonkha kuti amuombole asanaimikidwe pabwalo, ndipo kufunsidwa kwake kunaimitsidwa kuyambira mu Seputembala kufikira pa 12 Novembala kuti apeze nthawi. Koma msonkhowo sunakwane, ndipo munthu amene London yense ankabwereza mawu ake anatengedwa kuchokera kundende ya Wandsworth, apolisi awiri ali m'mbali, kukawerengeredwa poyera chilichonse chimene anadya ndi kumwa.

M'khonde la bwalolo munaima mnyamata wina wa ku Canada, Robert Ross, amene anadikira kuti mkaidi womangidwa maunyolo apite, ndipo pamaso pa khamu lodzaonerera anamvulira chipewa. Wilde anachisunga chinthu chimenechi mumtima, ndipo anachilemba m'kalata yaitali imene analembera m'ndende ya Reading. Ambiri amene asimba za awiriwa aimira pa chipewacho, popeza n'chokoma kusimba. Koma ine ndiyesa kuti chimene Ross anachita m'zaka khumi zotsatira chinali chachikulu koposa, pakuti kuvula chipewa ndi ntchito ya kamphindi, pamene kutsata maakaunti a munthu wonyozedwa chaka ndi chaka, popanda wothokoza, kufuna mtima wa mtundu wina. Wilde anatuluka m'ndende mu 1897, nakafera ku hotela yaing'ono ya ku Paris pa 30 Novembala 1900, ali ndi zaka 46, akali wakugwa wosamasulidwa. Kutanthauza kuti ndalama iliyonse yochokera m'mabuku ake inali ya omkongoza, osati ya ana ake, amene anali atasinthidwa kale dzina kukhala Holland kuti athawe manyazi. Ross, amene Wilde anamsankha kuti ayang'anire zolemba zake, anasimba pambuyo pake kuti wantchito wina wa bwalo la angongole anamuuza mu 1901 kuti mabuku a Wilde alibe mtengo ndipo sadzakhalanso ndi wowafuna.

Chipulumutso chinachokera kumene wantchito uja sanayang'ane. Ku Germany masewero a Wilde anayamba kuonetsedwa mobwerezabwereza, makamaka Salome, limene Richard Strauss analiikira nyimbo ndi kulionetsa ku Dresden mu Disembala 1905. M'chaka chomwecho Ross anasindikiza zigawo zosankhidwa za kalata ya m'ndende ija pansi pa mutu wakuti De Profundis, ndipo anthu a ku England, amene zaka khumi zapitazo ankachita manyazi kutchula dzina la mlembiyo, analigula bukulo mosaleka kotero kuti linasindikizidwa kangapo chaka chisanathe. Ndalama zonsezi zinalowa m'thumba la okongoza. Ndipo mu 1906 aliyense wa iwo anali atalandira masheleni 20 pa paundi iliyonse, ndiko kunena ngongole yathunthu, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha 4 pa 100, ndipo chigamulo cha kugwa kwa Oscar Wilde chinafafanizidwa. Wopempha chigamulocho ndi wogamulidwayo onse anali m'manda, pakuti Queensberry anamwalira mu Januwale 1900. Wina angafunse kuti kufafaniza kunapindulanji kwa munthu amene wagona m'nthaka zaka zisanu ndi chaka chinanso chisanathe. Yankho lake lili pa ana: kuyambira pamenepo zolemba za atate wawo zinakhala cholowa chawo, ndipo Ross anatha kusonkhanitsa zonse m'mabuku 14 amene anatuluka mu 1908. Mlandu suola, anatero makolo, ndipo ife tizolowera kunena mwambiwu poopseza wolakwa. Ross anaumva mbali yake ina, kuti ngongole ya mnzako wakufa ikhalabe yoyenera kuilipira. Komatu mabuku 2,000 aja ndi zidole za ana sizinabwerere ku Tite Street.

Mabwalo a m'zaka zimenezo analisunga khomoli ndi nsanje, ndipo ndiganiza kuti anachita bwino. Mu 1905 bwalo la apilo linagamula kuti sikokwanira kuti okongoza angolemba kalata yokhululuka, kaya chifukwa cha ubale kaya chifukwa cha kutopa: kulipira kwathunthu ndiko kupereka ndalama zenizeni, paundi pa paundi. Mabwalo anagamulanso kuti ngakhale munthu atalipira zonse, bwalo silikakamizidwa kumyeretsa ngati poyamba anabisa chuma kapena kunama polumbira. Maganizo awo anali akuti kumasulidwa ndi chifundo, chimene chikhoza kuperekedwa ngakhale kwa wofooka, pamene kufafaniza ndi umboni umene bwalo lipereka kwa aliyense amene adzachita malonda ndi munthuyo m'tsogolo; ndipo umboni wotere ukaperekedwa mwachisawawa, woyamba kuberedwa ndi iye amene analipira moona.

Lamulo la 1883 linalembedwanso mu 1914, ndipo ndi m'maonekedwe amenewo m'mene linafalikira m'maiko amene Britain ankalamulira. Kwathu kuno ku Malawi malamulo a ku England analowa ndi chilamulo cha mu 1902 chimene chinakhazikitsa bwalo lalikulu. Lamulo lathu lakale la za kugwa pa chuma linatsata la mu 1914, kufikira pamene Nyumba ya Malamulo inapanga latsopano mu 2016. Mthunzi wa Chamberlain uonekabe m'malamulo aakulu a dziko lino, amene aletsa munthu wolengezedwa kuti wagwa, ndipo sanamasulidwe, kuima pa chisankho cha uphungu kapena cha upulezidenti.

Ku England komweko zinthu zinatembenuka m'njira imene Eldon akanaizindikira msanga. Lamulo la 1986 linasunga zifukwa zakale zofafanizira, koma linapeputsa kumasulidwa kuti kuzibwera kokha pakatha zaka zitatu, ndipo kuyambira mu 2004 pakatha chaka chimodzi. Kugwa kutapepuka chotero, ofuna kugwa dala anachulukanso, ndipo khomo limene linali pothawira wonamiziridwa linakhalanso chida cha wonyengedwa. Mabwalo afafanizapo zigamulo za amuna amene anadzilengezetsa kuti agwa pofuna kuti mkazi amene akusudzulana naye asapeze kanthu, zitaoneka kuti chuma chinalipo chokwanira. Kunja kwa England, wotchuka koposa mwa ofuna kugwa dala ndi Seán Quinn, amene nthawi ina ankawerengedwa wolemera koposa onse ku Ireland, ndipo makampani ake atagwa anatsala ndi ngongole yoposa mayuro 2 biliyoni ku banki imene kale inkatchedwa Anglo Irish. Mu Novembala 2011 anakadzipereka ku bwalo la ku Belfast, kumene akanamasulidwa pakatha chaka, pamene ku Dublin lamulo la nthawiyo likanamsunga zaka 12. Bankiyo inadandaula kuti phata la ntchito zake linali kumbali ya Dublin, osati ya Belfast. Mu Januwale 2012 bwalo la ku Belfast linavomereza, linafafaniza chigamulocho, ndipo sabata isanathe bwalo la ku Dublin linamlengeza kuti wagwa.

Koma chimene chindiwawa mtima m'mbiri ya masiku ano si ya olemerawa, amene ali ndi maloya owayankhulira, koma ya anthu wamba. Kuyambira mu 1986 ngongole ya mapaundi 750 inali yokwanira kuti wokongoza apemphe kuti munthu agwetsedwe, ndipo malire amenewo anakhala osasuntha pafupifupi zaka 30 pamene mtengo wa zinthu unkakwera. Makhonsolo ena anayamba kugwiritsa ntchito njirayi potolera msonkho wa nyumba, ndipo mwa ogwidwa munali okalamba ndi odwala maganizo, amene makalata a bwalo ankaunjikana pakhomo osatsegulidwa, eni ake ali ndi nyumba yamtengo woposa ngongoleyo kambirimbiri. Munthu wotere akadzidzimuka n'kufuna kufafaniza polipira, lamulo limuuza kuti alipire osati ngongole yokha, komanso zonse zimene zawonongedwa poyendetsa mlanduwo, malipiro a wolandira chuma, a woyang'anira katundu ndi a maloya awo, zimene zikula mwezi ndi mwezi ndipo kawirikawiri ziposa ngongole yoyambayo kutali; kotero kuti ena anagulitsa nyumba yomwe ankafuna kuipulumutsa kuti apeze cholipirira. Mu 2011 ofesi yomva madandaulo a anthu pa makhonsolo inachenjeza kuti asamathamangire njira imeneyi asanafufuze moyo wa munthuyo, ndipo mu Okutobala 2015 boma linakweza malire aja kufika pa mapaundi 5,000. Lamulo lakuti wofafaniza polipira asenze ndi mtengo wa mlandu womwe lidakalipo.